Makabuleta Awiri, Khutu Limodzi

Glenys anandiuza Lachitatu, ataima patsogolo panga ndi nsalu yopukutira mbale paphewa, kuti mpikisano wa Lamlungu wosamala petulo ukhala ulendo wake womaliza kukwera m'kagalimoto kanga.

"Zaka makumi atatu ndi chimodzi ndakhala pampando uja, Lindsay. Zakwana."

"Mpandowo walakwanji?"

"Mpando sunalakwe. Chaka chatha, tikuwoloka mlatho wa ku Ross, ndinakuuza nkhani. Iwe unandiyankha kuti, 'Tamvera mmene injini ikuyimbira.'"

"Nkhani yanji?"

Anapachika nsalu ija pachitseko cha uvuni. "Ukanaifuna ukanaimva tsiku lomwelo."

Mwamuna wanzeru akanafunsanso kachiwiri. Ine ndinapita kugalaja kukaganiza, ndipo posakhalitsa ndinali nditalipeza vuto. Chaka chatha tinathera pa nambala naini. Mkazi amatopa nako kuluza. Ndikangomupezera chikho, ndinatero mumtima, za kutsika m'galimotozi aziiwala. Mantha ndinali nawo, ndisaname, chifukwa kagalimoto ka mipando iwiri kakakhala ndi munthu mmodzi kamaoneka ngati kakupita kumaliro.

Kagalimoto kangako n'kofiira, ka ku Mangalande, ka mu 1967, denga lake lansalu. Paliponse pamene kagona kamasiyapo dontho la oyilo, ndipo ife a kalabu ya ku Longford timati kakapanda kudontha ndiye kuti oyilo watha. Kali ndi makabuleta awiri, yakutsogolo ndi yakumbuyo. Iliyonse imasakaniza petulo ndi mpweya n'kudyetsa theka la injini. Awiriwa ayenera kukoka mofanana ngati ng'ombe za pa goli limodzi. Ina ikangoposa inzake, injini imamwa petulo mwauchidakwa koma mphamvu osaoneka.

Tsono pa ntchito yolinganiza makabuletayi ndiye panali ulemu wanga wonse. Kukalabu sanditcha Lindsay Pybus ayi, amanditcha Makutu. Chida changa ndi kachidutswa ka paipi yobiriwira yothirira maluwa, kamene ndinadula m'munda mwa apongozi anga ndili mnyamata. Injini ikamalira pang'onopang'ono, mbali ina ya paipi umaiika pakamwa pa kabuleta, ina kukhutu, n'kumvera kamluzu ka mpweya ukamalowa. Ukatero umapita pa inzake. Umapotokola masikulu mpaka miluzu iwiriyo ifanane. Anthu ankachokera ku Devonport ndi ku Hobart kudzandiimitsira magalimoto awo pakhomo, ine n'kumawauza kuti akhale chete ngati ali m'tchalitchi.

Mnzanga Merv Triffitt yekha ndiye anandipandukira. Anagula kachipangizo koyezera mpweya, kokhala ndi kachubu ka galasi ndi kampira kofiira kamene kamakwera kapena kutsika. Tsiku limene anabwera nako ndinamuseka mpaka kutsokomola. Ndinamuuza kuti munthu amene akufunika kampira kuti amve galimoto yake ndi bwino azikwera basi.

Loweruka ndinalowa m'galaja m'mawa n'kutukula boneti. Msana wanga masiku ano suvomera kupindika kawiri, choncho ndinapeza njira yangayanga. Ndimaima pakati pa makabuleta awiriwo osasuntha: yakutsogolo ndimaimvera ndi khutu lakumanzere, yakumbuyo ndi lakumanja. Ndinkanyadira njira imeneyi, ndipo ndinalembako za iyo m'kanyuzi ka kalabu, n'kunena kuti mutu wa munthu ndi sikelo imene Mulungu anatipatsa ulere.

Yakutsogolo inali yaulesi ngati kale. Kwa zaka ziwiri inkandivutitsa, mluzu wake wofooka, wakutali. Ndinali nditaiphwasula katatu, kuitsuka, kuisinthira singano, koma ulesi osatha. Ndinaitsegulira sikulu theka, kenako theka lina, kenako linanso, mpaka inayamba kumveka ngati inzake. Injini itayamba kuthamanga kwambiri ndinatsekako yakumbuyo. Itayamba kunjenjemera ndinawonjezera petulo kutsogolo n'kuchepetsa kumbuyo. Pofika masana ndinali nditakhutira, manja ali bii.

Kenako ndinayamba kupepukitsa galimoto. Ndinatsitsa tayala lapadera, jeki, makapeti ndi bokosi la masipanala. Matayala ndinawapopa mpaka anauma gwa. Ndikutulutsa katsamiro ka Glenys ndi fulasiki yake ya tiyi, kanthu kanandigunda kumsana. Kanali kapegi koyanikira zovala. Glenys anali pakhomo la galaja.

"Ndakuitana kanayi. Tiyi wazizira."

"Injini imalira."

"Injini unazimitsa kalekale. Katsamiro kanga ukupita nako kuti?"

"Kulemera, Glenys. Kilo iliyonse ndi petulo."

"Ndiye unditsitsiretu ineyo. Ndikuthandiza ndi makilo sikisite-faifi."

Ndinaseka, chifukwa ndinkayesa nthabwala. Katsamiro ndinakabwezera, koma fulasiki inatsala.

Lamlungu m'mawa kunali chisanu choyera m'mipanda. Magalimoto makumi awiri ndi atatu anandanda pa malo omwetsera petulo kunja kwa Longford, onse akale, onse akutsokomola utsi. Mwambo wake ndi womwewo chaka chilichonse. Thanki imadzazidwa mpaka petulo aonekere pakhosi, anthu awiri amagwedeza galimoto kuti mpweya utuluke, amawonjezeranso, ndiye mlembi wa kalabu, Bev Bantick, amamata chitsekero ndi tepi n'kusainapo. Mumayenda makilomita zana limodzi ndi makumi asanu ndi atatu m'njira zokhotakhota mpaka ku Ross, komwe amadzazanso thanki. Womwa pang'ono ndiye mwini chikho. Pampu imawerenga malita, msewu umawerenga makilomita, koma Bev amakhala pansi ndi pensulo kusandutsa zonsezo kukhala mamailosi pa galoni, chifukwa palibe aliyense mwa ife amene angamve kukoma kupambana m'malita.

Merv anabwera kudzaima kumanja kwanga, manja m'matumba, akumvetsera injini yanga.

"Makutu, kamtsikana kakoka kadya chiyani? Kakupuma ngati kakwera masitepe."

"Kakufuna msewu basi."

"Bwera ndikaike kampira kanga mphindi ziwiri. Sindiuza munthu."

"Kampirako ukapatse adzukulu ako azisewera nako m'bafa."

"Chabwino mdala." Anawerama n'kusuzumira pawindo la Glenys. "Glen, watenga chigubu? Mwina mukankha."

"Ndatenga buku," Glenys anatero. "Akamakankha ndiziwerenga."

Ndinavula nsapato n'kuzipereka kwa Bev kuti akandipatse ku Ross. Pa mpikisano uwu timayendetsa ndi masokosi okha, kuti phazi limve bwino chopondera, ndipo lamulo ndi loti uziponda ngati pansi pake pali dzira. Tinanyamuka achisanu ndi chiwiri.

Ntchito ya Glenys ndi kuwerenga njira. Kale ankachita kuyankhula, kumanzere apa, chepetsa apo, n'kumasakaniza ndi nkhani za anthu. Zaka zaposachedwa anasiya. Amangotambasula dzanja patsogolo panga n'kuloza ndi pensulo. Ine ndinkauza anzanga kuti banja likakhwima limafika pomvana popanda mawu, ndipo ena ankandisirira.

Tisanafike ku Cressy ndinadziwa kuti china chake sichili bwino, koma ndinachikankhira kwa mphepo. Pa mphambano injini inkakana kutsika, imangolira ngati ikufuna kuthawa. Pachitunda inkatsamwa. Potsetsereka kumbuyo kunkaphulika, phu, phu, mpaka nkhosa za m'mbali mwa msewu zinkabalalika. M'galimoto munadzaza fungo la petulo wosapsa. Glenys anatsitsa windo, ine ndinamukodola kuti akweze, popeza windo lotsegula limakoka mphepo. Anakweza, n'kutseka mphuno ndi mpango wake.

Merv anatipitirira pafupi ndi Campbell Town, mwakachetechete, mkazi wake akutibayibitsa ndi sikono m'manja. Ine ndinapitiriza kuponda dzira langa lija. Kasingano ka petulo kankatsika ndikukaona, koma ndinadziuza kuti masingano a magalimoto a ku Mangalande amanama kuyambira kufakitale. Samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu, ndipo yanga inali ikunoledwa ku Ross.

Tikukwera pa mlatho wamiyala uja ndinakumbukira mawu a Lachitatu. Ndinamuyang'ana Glenys. Milomo yake inali yotseka, maso ali pa mtsinje. Ndinafuna kufunsa, koma injini inatsamwanso, ndipo ndinaigwira ndi giya yachiwiri.

Pa pampu Bev anang'amba tepi n'kuyamba kuthira. Ya Merv inali itadzadza mosachedwa. Yanga inangomwa. Anthu anayamba kusonkhana. Wina anagwada n'kusuzumira pansi kuti aone ngati thanki yabooka. Bev anasintha dzanja, chifukwa loyambalo linatopa.

Zotsatira anaziwerenga pa kapinga wa m'mphepete mwa mtsinje, masoseji akupsa pa chitsulo. Merv Triffitt, mamailosi makumi anayi ndi imodzi pa galoni, chikho. Anatsika nawo mndandanda mpaka pansi penipeni. Lindsay Pybus, makumi awiri ndi awiri. Panali galimoto ina ya masilinda sikisi, yolemera ngati thirakitala, yonyamula anthu anayi ndi galu, ndipo inandiposa. Mphotho ya womaliza ndi fanelo yamalata yopakidwa utoto wagolide, yolembedwa kuti Chidakwa cha Chaka. Fanelo imeneyo ndinaipenta ndine, zaka khumi zapitazo, ndikuseka. Ndinakailandira ndili m'masokosi, chifukwa Bev anali ataiwala nsapato zanga m'galimoto mwake.

"Petulo wa ku Longford uja ngwosakaniza," ndinatero.

"Tonse tamwa pampu imodzi, Makutu," anatero Merv. "Tatsegula boneti."

Anamasula mapulagi anayi onse n'kuwandandika pa nsalu. Pulagi ya injini yodya bwino imakhala yofiirira ngati bisiketi. Awiri akutsogolo anali akuda ngati kunsi kwa mphika, awiri akumbuyo oyera mbee ngati choko. Anthu anayamba kuyang'anana. Merv anawabwezera, ndinaliza injini, iye n'kuika kachipangizo kake pa kabuleta yakutsogolo. Kampira kanathamangira kumwamba n'kukagunda kumapeto. Pa yakumbuyo kanangogwedezeka pansi pomwepo.

"Kakunama," ndinatero. Manyazi anali atasanduka ukali. Ndinasolola paipi yanga m'thumba la jekete, ndinaima pakati monga mwa nthawi zonse, kumvera kutsogolo, kumvera kumbuyo. "Ndendende. Bwerani mumve nokha. Miluzu iwiriyi ndi mapasa."

Palibe anabwera. Amene anasuntha ndi Glenys. Anayika mbale yake ya pepala pa kapinga, n'kudzandilanda paipi ija. M'zaka zonsezi anali asanaigwirepo. Mbali ina anaiika pakamwa pa kabuleta yakutsogolo, ina anaikanikiza pa khutu langa lakumanzere.

"Ukumva chiyani?" Anafunsa akundiyang'ana kumaso.

"Mluzu. Wabwinobwino."

Osasuntha mbali ya ku kabuleta, anandigwira chibwano n'kunditembenuza mutu ngati mwana wometedwa, n'kuika paipi pa khutu lakumanja.

Ndinadumpha. Sunali mluzu, chinali chimphepo. Kabuleta imene ndinaitcha yaulesi kwa zaka ziwiri inali ikukuwa ndi mphamvu zake zonse, ndipo inali ikukuwa choncho nthawi yonseyi. Glenys anabwezera paipi kumanzere. Chimphepo chija chinapita kutali, kuseri kwa phiri. Kumanja, chinabweranso. Anachita zimenezi katatu.

Merv anazimitsa injini. Anthu ena anakumbukira mwadzidzidzi kuti masoseji akupserera.

"Ndiye kuti khutu ili lafa," ndinatero.

"Lakhala likufa kuyambira kale, aise." Merv anapenda mutu, anakankha tsitsi lake la imvi, n'kundionetsa kanthu kotuwa kobisala kuseri kwa khutu lake. "Zaka zinayi ndili nako aka. Kampira kaja ukuyesa ndinagula chifukwa chokonda zidole? Nanga ukuganiza kuti tonse timaima kumanja kwako chifukwa mbali imeneyo ndiwe wokongola?"

"Bwanji osandiuza?"

"Munthu wotchedwa Makutu? Glen anakuuza kangati kuti ukayezetse?"

Anali atandiuzadi. Kawiri kapena katatu, ndipo ndinamuyankha kuti akayezetse ndi iye, chifukwa wayamba kuyankhula chamumtima. Ndinakumbukiranso magalimoto onse amene ndinawachuna zaka ziwirizi, eni ake akundithokoza ndi mabotolo a vinyo. Merv ananditsina khutu labwinolo kuti ambiri a iwo ankadzera kwa iye pobwerera kwawo. Sanafune kundikhumudwitsa.

Anailinganiza injini yanga m'mphindi khumi, ndi kampira kake, ine nditagwira fanelo. Itayamba kulira bwino ndinazindikira kuti kulira kumeneko ndinali nditakuiwala.

Nthawi yobwerera itakwana ndinaima pa chitseko cha woyendetsa, makiyi ali m'manja, n'kuyang'ana mipando iwiri ija. Chiwongolero chili kumanja. Mpando wa Glenys uli kumanzere kwanga. Zaka zonse zija anali akuyankhula ndi khoma. Mtima unandiwawa kwambiri, kuposa pamene ndinkalandira fanelo.

Ndinazungulira n'kumupatsa makiyi.

"Sunandilolepo," anatero.

"Ndikudziwa."

"Umati ndimaponda ngati ndikupha njoka."

"Ponda."

Anakokera mpando kutsogolo, anaika katsamiro kake kumsana, n'kuliza injini. Ine ndinakhala mbali imene ndinali ndisanakhalepo, fanelo pamiyendo. Mpandowo ngwolimba, ndipo pansi pamalowa mphepo yozizira yolunjika m'maondo. Sanandiuzepo zimenezi, kapena anandiuza.

Khutu langa labwino tsopano linali mbali yake, ndipo tisanatuluke n'komwe m'tauni ndinayamba kumva zinthu. Zibangili zake zinkalira akamasintha giya. Ankatsonya pang'ono giya ikavuta kulowa. Ankang'ung'udza kanyimbo kenakake ka kutchalitchi, kapansipansi, ndipo sindikudziwa kuti anayamba liti chizolowezi chimenechi. Njira ya kwathu siidutsa pa mlatho, koma iye anakhotera komweko. Pakati pa mlatho anachepetsa liwiro.

"Glenys," ndinatero. "Nkhani ija."

Sanandiyang'ane. Sanakweze ngakhale mawu.

"Ndinakuuza kuti adokotala apeza chotupa m'bere langa. Kuti Lachinayi ndikapite ku Launceston akachotseko kanyama kokayeza. Ndinati ndikuchita mantha, undiperekeze." Anasintha giya. "Ndinanena kawiri."

Lachinayi limenelo ndikulikumbuka bwino. Mng'ono wake anabwera kudzamutenga m'mawa, ine n'kuganiza kuti akukagula makatani. Tsiku lonse ndinakhala m'galaja ndikupukuta zivundikiro za makabuleta mpaka ndinkadziona nkhope. Atabwerako anapita kukagona molawirira, ndipo ndinamufunsa ngati makataniwo anawapeza.

"Nanga anapeza chiyani?" ndinafunsa.

"Sichinali choopsa. Anandiuza patatha masiku khumi ndi awiri. Masiku amenewo ndinawadikira ndekha, iwe uli pompo patebulo ukudya."

"Bwanji sunanenenso kunyumba?"

"Ndinanena kawiri, Lindsay. Kachitatu kukanakhala kupempha." Tinatuluka pa mlatho, n'kulowa mumsewu waukulu. "Chaka chonse sindinadziwe ngati sunamve, kapena unamva n'kuthawira ku injini. Ndikafuna kufunsa ndinkaopa yankho. Lero ndadziwa."

Ndinafunafuna mawu oyenera, ine amene ndinalemba masamba awiri onena za sikelo ya Mulungu, ndipo ndinapeza amodzi okha.

"Pepa, Glen."

"Ndamva," anatero. "Ine ndimamva."

Misozi inanditsika, ndipo ndinalibe mpango, choncho ndinapukuta ndi dzanja la oyilo. Anandiyang'ana mwachidule n'kundiuza kuti ndikuoneka ngati pulagi yakutsogolo. Kenako anaponda. Kagalimoto kanalumpha, kasingano ka liwiro kanakwera kufika pamene ine sindinakafikitsepo chigulireni, mipanda ndi nkhosa zikungodutsa. Dzira lija linasweka pomwepo.

"Chaka chamawa ubwera?" ndinafunsa.

"Ukayambe wakayezetsa. Lachinayi, ku Launceston. Ndikuperekeza." Analowetsa giya yachinayi. "Ndipo ndikabwera ndikhala pano. Iwe uko, ndi pensulo. Fulasiki ikwera nawo."

Atatero anayamba kuyankhula. Za mng'ono wake ndi mwamuna wake wovuta, za denga la kukhitchini limene likudontha, za mwana wathu wa ku Perth amene akuganiza zobwerera kumudzi kuno, nkhani imene aliyense m'banjamo ankaidziwa kupatula ine. Zinali nkhani za zaka ziwiri, ndipo msewu wa ku Longford ndi waufupi. Titafika pa mphambano ya kwathu sanakhote, anangopitirira kulowera ku Cressy. Kasingano ka petulo kanali kakutsika bwinobwino. Ndinakaona, koma ndinangosendeza mutu pafupi ndi phewa lake.